Alembi athu, tilembereni buku la makolo olera ana a autism

Akonzi,

Ndipatseniko danga m'nyuzipepala yathuyi kuti ndipemphe alembi, osindikiza mabuku ndi makolo anzanga chinthu chimodzi. Tikufuna buku la m'Chichewa lofotokoza moyo wa pakhomo pamene pali mwana wa autism, ndipo nkhani zake zichokere kwa ife amene tikulera anawo.

Ndine bambo wa ana atatu, ndimakhala ku Chinamwali mumzinda wa Zomba ndipo ndili ndi kagolosale. Wachiwiri kubadwa, mnyamata, ali ndi zaka 9. Anafika zaka zitatu asanayambe kulankhula. Ukamuitana dzina sankacheuka, chonsecho pepala la bisiketi likangoti khwakhwa ankalimva ali kuseri kwa nyumba. Achipatala atamuona anatiuza kuti ndi autism, kuti ubongo wake unakula mosiyana ndi wa ana ena, ndipo palibe jakisoni kapena mapiritsi ochotsera zimenezi. Tinabwerera kunyumba ndi mawu okhawo. Zoti kukacha tichita naye chiyani zinatsalira ife.

Mlongo wanga, yemwe ndi mphunzitsi ku Blantyre, anatipezera mabuku a Chingerezi olembedwa ndi makolo a ku Ulaya ndi ku America. Sindingawanyoze, anatithandiza. Ndinkawawerenga usiku ndikatseka golosale n'kumawamasulirira mayi a kunyumba, ndipo pena tinkangoyang'anana, poti zimene wolembayo ankanena za mwana wake ndi zomwe wathu amachita: kundandalika zitsekerero za mabotolo pamzere, kukupiza manja akakondwa, kubwerezabwereza mawu amene wamva pawailesi. Koma pa malangizo ndi pamene tinkasiyana nawo. Iwo amati mwana phokoso likamukulira mumulowetse m'chipinda chake chopanda phokoso. Kwathu ana onse atatu amagona chipinda chimodzi, ndipo mvula ikamagunda malata pothawira palibe. Iwo amakamba za katswiri wophunzitsa kulankhula amene amaonana naye sabata iliyonse. Ife tikuganiza za mmene tingakwerere naye minibasi kondakitala akukuwa ndi kumenya chitseko.

Ndiye pali zina zimene mabukuwo sazidziwa n'komwe, koma ndi zimene zimatisowetsa tulo. Golosale itayamba kuyendako, inamveka mbiri yoti ndinakhwimira mwana wanga kuti ndilemere. Makasitomala ena anasiya kudzagula. Mayi ake nawo anauzidwa kuti pali mwambo umene anaphwanya ali oyembekezera, wina n'kuti ndi katemera, pamene akatswiri anafufuza kale n'kupeza kuti katemera sayambitsa autism. Kukagwa maliro mayi ake sangakagone kusiwa chifukwa mwanayu salola kugonekedwa ndi munthu wina aliyense, ndipo amayi anzawo amati ndi onyada, adzaona tsiku lidzawagwere. Mawu amenewa amapweteka kuposa kulira kwa mwana kwa usiku wonse. Mwana wathu woyamba, mtsikana wa Sitandade 8, wakula akuchingira mlongo wake kwa ana oponya miyala ndi kumutchula mayina oipa. Ndani analembapo za mtsikana ngati ameneyu m'chilankhulo chathu?

Kuloza chala makolo sikunayambire kwathu kuno. Dokotala Leo Kanner atafotokoza za ana 11 otere ku America mu 1943, kwa zaka zambiri akatswiri ena ankaphunzitsa kuti olakwa ndi amayi osasonyeza chikondi kwa ana awo. Mmodzi mwa amene anagwetsa bodzali ndi Bernard Rimland, yemwe anali ndi mwana wa autism m'nyumba mwake. Mu 1964 anatulutsa buku lonena kuti gwero lake lili m'kapangidwe ka ubongo, osati m'kaleredwe. Ku Britain nako bungwe lalikulu loona za autism linayambitsidwa ndi makolo mu 1962. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo pankhani iyi amene tamva m'mimba ndife.

Nzeru zoika m'bukulo tili nazo kale, kungoti zili balalabalala m'makomo. Mayi a kunyumba anadula katoni ya sopo tizidutswatizidutswa n'kujambulapo beseni, kapu ya phala, nsapato, chikwama. Amatipanika ndi mapegisi pachingwe cha pakhonde motsatana. Mnyamata akasamba amachotsa yekha ka beseni, akamwa phala amachotsa ka kapu, ndipo chifukwa akudziwa chimene chikubwera, kulimbana kwa m'mawa kunachepa kwambiri. Ganizo la zithunzi tinalitenga m'mabuku aja, koma katoni, mapegisi ndi chingwe ndi zathu. Nsima timamuikira mbale yakeyake, msuzi usakhudze, apo ayi sadya. Kumeta timameta ndi sizasi pakhomo poti kulira kwa mashini a kubabashopu sakupirira. Mayi wina amene tinakumana naye pamzere kuchipatala anatiuza kuti iye amasokerera nambala ya foni m'kati mwa malaya a mwana wake. Ife amene tili pafupi ndi msewu wa M3, wokhala ndi magalimoto ndi akabaza tsiku lonse, tinachita zomwezo tsiku lomwelo. Nanga mayi wa ku Jali kapena ku Chingale, amene sanakumane ndi mayi ameneyu, azimva kwa yani?

Ana otere alipo ambiri kuposa mmene timaganizira. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linanenapo kuti padziko lonse pafupifupi mwana mmodzi mwa ana 100 ali ndi autism. Pa chiwerengero chimenecho, mudzi kapena dera la ana 1,000 lingakhale ndi ana ngati 10. Enawo sitiwaona chifukwa amatsekeredwa m'nyumba makolo akapita kumunda.

Chimene chimandilimbitsa mtima n'chakuti Zomba ili ndi zonse zofunika pantchitoyi. Ku University of Malawi kuli Centre for Language Studies, imene inatipatsa mtanthauziramawu wa Chinyanja. A Kachere amasindikiza mabuku konkuno. Ku Domasi kuli Malawi Institute of Education yokonza mabuku a m'sukulu, ndipo ku Nguludi, m'boma loyandikana nalo la Chiradzulu, koleji ya Montfort imaphunzitsa aphunzitsi a ana ofunika chithandizo chapadera. Madokotala ndi anamwino odziwa za ubongo tili nawo mumzinda muno, angathe kuwerenga zolembazo kuti musalowe zabodza. A bungwe la alembi la Malawi Writers Union, mamembala anu amalemba bwino za chikondi ndi ndale, tabwerani mudzakhale nafe pakhonde.

Lisakhale buku la mawu akuluakulu a kuchipatala, ndiponso lisakhale lotimvetsa chisoni. Mwana wanga amaseka, amadziwa pamene pamakhala katundu aliyense m'golosale, ndipo wina akasuntha paketi ya mchere amaibwezera pamalo pake. Zimenezonso zilembedwe. Makolo osatha kulemba ajambulidwe mawu pafoni, mayina a ana asinthidwe kuti asadzasekedwe, ndipo ana ndi akuluakulu a autism amene amatha kufotokoza okha apatsidwe masamba awo. Mtengo wake ukhale woti mayi wogulitsa tomato ku Mpondabwino angakwanitse, ndipo mawailesi aziwerengako mutu umodziumodzi kuti agogo osawerenga amve nawo, poti nthawi zambiri ndiwo amatsala ndi anawa.

Pa 2 Epulo chaka chilichonse dziko lonse limakumbukira za autism, monga bungwe la United Nations linakhazikitsira mu 2007. Ndikupempha kuti likamafika tsikuli pakhale poyambira, ngakhale kabuku ka masamba ochepa. Ine ndi mayi a kunyumba takonzeka kufotokoza zathu, ndipo mlembi kapena kholo lofuna kuti tigwirane manja lingatipeze kudzera kwa inu akonzi.

Kholo lokhudzidwa,
Chinamwali, Zomba