Za makoswe a mu labotale ndi ufa umene ukutchedwa stem cell

Akonzi,

Ndithokoze pondipatsa danga m'nyuzipepala yanu kuti ndinenepo za mawu akuti stem cell, amene masiku ano akumveka ngakhale m'misika ya kuno ku Salima. Ndinaphunzitsa sayansi kusekondale mpaka pamene ndinapuma pa ntchito, ndipo chandilembetsa kalata ino ndi zimene zinaonekera alamu anga, amene akhala akudwala matenda a kuthamanga kwa magazi kwa zaka zingapo. Munthu wina anawagulitsa timapaketi ta ufa wosungunula m'madzi, n'kuwauza kuti muli ma stem cell amene asayansi anayesa kale pa makoswe, ndipo kuti mapiritsi akuchipatala angowasiya. Iwo anasiyadi, ndipo pasanathe miyezi iwiri tinawanyamula usiku kupita nawo kuchipatala magazi atakwera kwambiri. Sikuti zonse zimene wogulitsayo ananena zinali zabodza, pakuti makoswe ndi ma stem cell amakumanadi mu labotale, koma amakumanira ntchito ina, yosiyana kwambiri ndi imene iye ananena.

Mluza wa nyama ukakhala ndi masiku ochepa umakhala kampira kakang'ono kwambiri, ndipo mkati mwake muli maselo (tinthu ting'onoting'ono tamoyo topanga thupi) amene sanasankhe ntchito: angathe kudzakhala mtima, chiwindi, fupa kapena ubongo. Amenewa ndiwo ma stem cell a m'mluza. Mu 1981 Martin Evans ndi Matthew Kaufman ku Cambridge, komanso Gail Martin ku California, anakwanitsa kuwachotsa m'miluza ya mbewa ndi kuwasunga amoyo m'timbale ta mu labotale. Phindu lake linaoneka pamene asayansi anaphunzira kusintha jini imodzi m'maselo amenewa. Pano ndipemphe owerenga a kunyanja kuno asasokonezeke, chifukwa majini amene ndikunena si mizimu ija timaimva ku Nkhotakota ndi ku Senga Bay, koma malangizo a m'maselo amene mwana amatengera kwa makolo. Maselo osinthidwawo amawalowetsa mu mluza wina, mluzawo n'kuuika m'chiberekero cha mbewa yaikazi, ndipo ana obadwawo akaswana pamapezeka mbewa zimene jini imodzi sikugwira ntchito. Matenda amene mbewazo zadwala ndiwo amaulula ntchito ya jiniyo. Evans analandira mphoto ya Nobel mu 2007 pamodzi ndi Mario Capecchi ndi Oliver Smithies chifukwa cha ntchito imeneyi.

Khoswe ndiye anakanika. Ife Achewa timadziwa bwino kuti mbewa ndi khoswe si nyama imodzi, popeza ina timaipana ndi kuigulitsa m'mbali mwa msewu pamene ina timaitchera msampha n'kukaitaya, ndipo asayansi anazindikira kusiyana kumeneku movutikira. Maselo a khoswe akawaika m'zakudya zimene zinkasunga a mbewa, sankachedwa kusanduka maselo wamba, n'kutaya mphamvu ija yokhala chilichonse. Panapita zaka 27 kufikira mu 2008, pamene gulu la Austin Smith ku Britain ndi la Qi-Long Ying ku University of Southern California anafalitsa njira yake, imene inali kuthira mankhwala otseka mauthenga amene amauza selo kuti yambapo kusintha. Mu 2010 gulu la Ying linabadwitsa makoswe opanda jini yotchedwa p53, imene imateteza thupi ku khansa ndipo imapezeka itawonongeka pafupifupi pa theka la khansa za anthu.

Wina angafunse chifukwa chovutikira khoswe pamene mbewa inalipo kale. Khoswe ndi wamkulu pafupifupi kakhumi kuposa mbewa, choncho n'kosavuta kumuchita opaleshoni, kumutenga magazi kangapo ndi kumuyeza kuthamanga kwa magazi, komanso amaphunzira msanga, zimene zimathandiza ofufuza matenda a ubongo. Pa matenda amene anagwetsa alamu anga khoswe wakhala mphunzitsi kwa nthawi yaitali. Ku Kyoto, m'dziko la Japan, Okamoto ndi Aoki anaswanitsa mtundu wa makoswe amene magazi amawakwera okha, ndipo ku America Lewis Dahl anapeza kuti makoswe ena amadwala akamadya mchere wambiri pamene anzawo odya mchere womwewo sadwala. Izi zinachitika zaka za m'ma 1960, ndipo funso lotsala linali lakuti ndi majini ati amene amabweretsa kusiyanako. Funso limeneli ndi lathu ndithu, chifukwa kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi muno ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ife amene timakonda kuthira mchere pandiwo tisanalawe n'komwe tiyenera kukhala ndi chidwi.

Tsono onani, Akonzi, kuti m'nkhani yonseyi palibe khoswe amene anamwetsedwa ma stem cell n'kuchira. Maselowo anali chida chopangira khoswe wodwala, kuti asayansi aone mmene matenda amayambira ndi kuyesapo mankhwala asanafike pa munthu. Ndiponso ndi maselo amoyo, osachedwa kufa, amene amasungidwa m'madzi a zakudya pa kutentha kwa thupi kapena kuumitsidwa m'chisanu choopsa. Sangakhale amoyo mu ufa wouma umene wakhala padzuwa la ku Kamuzu Road, ndipo ngakhale akanakhala amoyo, m'mimba akanagayidwa monga mmene usipa umagayidwira. Ngakhale mankhwala enieni amene athandiza khoswe amayenera kuyesedwa pa anthu m'magawo angapo, ndipo ambiri amathera panjira chifukwa thupi la munthu silofanana ndi la khoswe pa zonse.

Ndikudziwa kuti ena mwa anzanga akutchalitchi ndi akumzikiti amakhumudwa akamva za miluza, makamaka kuyambira mu 1998 pamene James Thomson anasunga ma stem cell a m'miluza ya anthu. Nkhawa yawo ndimailemekeza, koma miluza imene ndafotokoza pano ndi ya mbewa ndi makoswe, ndipo njira yatsopano ya CRISPR tsopano imasintha jini ya khoswe mwachangu popanda kudzera m'maselo osungidwa aja.

Pempho langa kwa inu ndi lakuti nkhani zoterezi muzizilemba m'Chichewa chomveka, ndipo musamalandire zotsatsa malonda a mankhwala musanafunse ngati bungwe la boma loona za mankhwala la PMRA linawavomereza. Ndipemphenso bungwe lomwelo kuti lifike m'misika ya m'maboma a kunyanja lione timapaketi timeneti. Alamu anga anabwerera ku mapiritsi awo ndipo akupita kukayezetsa mwezi ndi mwezi, koma ndalama za mpunga wa chaka chatha zinapita ndi ufa uja.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma pa ntchito,
Salima