Nkhani ya a Saban mwayiyambira kumapeto

Akonzi,

Zikomo polemba za a Nick Saban, kochi wa mpira wa ku America amene anapuma pantchito pa 10 Januwale 2024. Ndakhala ku Alabama zaka zingapo tsopano, ndipo zinandisangalatsa kuona nkhani ya kuno m'chinenero chathu. Koma ndili ndi dandaulo. Munatiwerengera zikho zawo zisanu ndi ziwiri, chimodzi ku yunivesite ya Louisiana State (LSU) mu 2003 ndi zisanu ndi chimodzi ku yunivesite ya Alabama, munatchula ndalama zomwe ankalandira, basi nkhani n'kuthera pomwepo. Wowerenga akhoza kuganiza kuti bamboyu anabadwa ali kale pampando. Zaka 17 zimene anakhala wothandizira makochi ena asanakhale kochi wamkulu simunazikhudze n'komwe, chonsecho ndi mmene muli nkhani yeniyeni.

A Saban anabadwa mu 1951 ku West Virginia, dera la migodi ya malasha. Bambo awo anali ndi malo omwetsera mafuta galimoto, ndipo mnyamatayo ankatsuka magalimoto pamenepo. Iwo eni amafotokoza kuti bambo awo akapeza kamzere kamodzi ka madzi pagalimoto, ankawauza kuti ayambirenso yonse. Atamaliza maphunziro mu 1973 ku yunivesite ya Kent State, kumene ankasewera mpira, maganizo awo anali pa bizinesi ya magalimoto. Kungoti akazi awo, mayi Terry, anali atatsala ndi chaka kuti amalize sukulu, ndiye kochi Don James atawapempha kuti atsale n'kumathandiza, anavomera. Chaka chomwecho bambo awo anamwalira ali ndi zaka 46 zokha.

Kuchoka apo, katundu sankakhalitsa pansi. Anathandiza makochi m'mayunivesite osiyanasiyana: Syracuse mu 1977, West Virginia zaka ziwiri, kenako Ohio State mu 1980. Ku Ohio State ndi kumene ndikufuna muimeko pang'ono. Kumapeto kwa 1981 timuyo inagonjetsa Navy, timu ya sukulu ya asilikali a pamadzi, 31-28 pa masewero otsekera chaka a Liberty Bowl, koma kochi wamkulu Earle Bruce sanakhutire ndi otchinga kumbuyo, ndipo anachotsa ntchito makochi a mbaliyo, a Saban ali momwemo. Taganizirani, munthu wa zaka 30, wapabanja, timu yapambana, iye n'kuuzidwa kuti alongedze. Ntchito yotsatira anakaipeza ku Navy komweko, timu imene anali atangoigonjetsa. Kumeneko anagwira ntchito limodzi ndi mkulu wina, a Steve Belichick, ndipo kudzera mwa iwowa anadziwana ndi mwana wawo Bill. Patatha zaka pafupifupi 10, Bill Belichick atakhala kochi wa timu ya akatswiri ya Cleveland Browns mu 1991, anaitana a Saban kuti akamuyang'anire otchinga kumbuyo. Akanapanda kuchotsedwa ku Ohio State, sindikuona kuti njira ziwirizi zikanakumana chonchi.

Mpando wa kochi wamkulu anaulawa koyamba mu 1990 ku Toledo, kumene anapambana masewero 9 n'kugonja awiri. Michigan State inawatenga mu 1995, LSU mu 2000, ndipo chikho choyamba anachigwira ali ndi zaka 52.

Sindikufuna kuwapaka mafuta pena paliponse. Zaka ziwiri zimene anakhala ku Miami Dolphins, mu ligi ya akatswiri ya NFL, sizinayende: anapambana 15, anagonja 17. Choipa kwambiri, mu Disembala 2006 anauza atolankhani poyera kuti sakupita ku Alabama, koma pa 3 Januwale 2007 anavomera ntchitoyo. Anthu a ku Miami anapwetekedwa mtima, ndipo ine ndikuti anali ndi chifukwa chomveka. Munthu wamkulu akanena mawu pagulu, ana amene akuwaphunzitsa amakhala akumva. Izi nazonso munayenera kulemba. Ngakhale ku Alabama chaka choyamba chinali chowawa, mpaka anagonja pakwawo 21-14 ndi Louisiana-Monroe, timu imene anthu ambiri kuno sankaiwerengera.

Chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi zomwe anachita atakhazikika. Kochi Lane Kiffin anachotsedwa ntchito ku yunivesite ya Southern California (USC) mu 2013 pabwalo la ndege, usiku, timu ikungofika kuchokera kumasewero amene inagonja. Dziko lonse linamuseka. A Saban anamulemba ntchito miyezi yochepa pambuyo pake. Steve Sarkisian naye anachotsedwa ku USC komweko mu 2015, nkhani yake ikukhudzana ndi mowa, ndipo ambiri ankati watha. A Saban anamupatsa kantchito kakang'ono kounika mavidiyo a masewero mu 2016, kenako anadzamukweza, ndipo mu 2021 anatengedwa kukakhala kochi wamkulu ku Texas. Ena amati a Saban ankangopezerapo akatswiri pamtengo wotsika. Mwina mbali imeneyo ilipo. Koma ine ndikaona munthu amene analongedzapo katundu wake mu 1981 akutsegulira chitseko anzake ogwa, ndimakhulupirira kuti ankakumbukira ululu wake. Ndipo sanaope kulera anthu odzamugonjetsa. Kirby Smart, amene anakhala pansi pawo ku Alabama kuyambira 2007 mpaka 2015, ndi amene anawalanda chikho mu Januwale 2022, timu yake ya Georgia itawachinya 33-18.

Tsiku lotsatira atalengeza zopuma, ndinadutsa pa Bryant-Denny Stadium ku Tuscaloosa, bwalo lolowa anthu opitirira 100,000. Kunja kwake kuli chiboliboli chawo, ataimika manja ngati akuwomba m'manja. Pansi pake anthu anali ataunjikapo maluwa, mabotolo a Coca-Cola ndi timabokosi ta mabisiketi a Little Debbie, amene a Saban amadya awiri m'mawa uliwonse ndi khofi. Kunkazizira, koma anthu ankangoima chete, ena atagwira ana padzanja. Ndinaima nawo kanthawi, ndipo maganizo anga anapita kwa makochi achinyamata amene ali m'timaofesi topanda mawindo m'makoleji ang'onoang'ono, akudula mavidiyo mpaka pakati pa usiku, osadziwa kuti chaka chamawa banja lawo lidzagona mzinda uti. Ntchito imeneyi ili ndi anthu otero ambirimbiri, ndipo ochepa okha ndi amene amafika pokhala ndi timu yawoyawo.

Pempho langa ndi lakuti mulembenso gawo lachiwiri, tsamba lathunthu ngati n'kotheka. Muliyambire ku Columbus, Ohio, kwawo kwa Ohio State, masiku aja Liberty Bowl itangotha, a Saban ndi mayi Terry akufunsana kuti alowera kuti.

Ine wowerenga wanu,
Tuscaloosa, Alabama