Kalata kwa mwana wanga ku Tete

Wokondedwa mwana wanga,

Kuno ku Ulongue tili bwino, ndipo mayi ako atsiriza kukumba kachewere wa kudimba, koma ine tulo tandithawa chibwerere azakhali ako kuchokera kumeneko. Akuti iwe ndi mnzako wa mthuthuthu uja mukulemba pempho la ndalama za pulojekiti kwa opereka thandizo, ndipo iye akukuumiriza kuti mulembe alimi 300 pamene m'kaundula muli 100 okha, n'cholinga choti bajeti ikwere. Ngati ndi bodza undikhululukire, koma mnyamata ameneyu sindinamukhulupirirepo kuyambira tsiku limene anadya nsima pakhomo pano osavula chipewa.

Ine sindinafike ku yunivesite ya UniZambeze monga iwe, komabe ukudziwa kuti titabwerako ku Dedza mu 1993 ndinagwira cholembera cha gulu lathu la alimi kwa zaka zambiri. Pempho limayamba ndi vuto, ndipo vutolo uyenera kulifotokoza monga unalionera ndi maso ako. Kenako pamabwera cholinga chachikulu, chimene ndi kusintha komwe ukukufuna, ndi zolinga zazing'ono zimene munthu angaziwerenge pa nthawi yoikika. Pansi pa cholinga chilichonse pamakhala ntchito zoti zichitike, ndiponso zizindikiro zimene eni ndalama adzakuyezera nazo. Apa ndi pamene mnzakoyo akukukumbira mbuna, chifukwa ukalemba 300, nambala imeneyo imasanduka chizindikiro, ndipo tsiku lina kudzabwera munthu ndi galimoto kudzafuna mayina, midzi ndi zidindo za zala za anthu 300.

Ndalama zimenezi si mphatso, mwana wanga, ngakhale kuti sizibwezedwa ngati ngongole ya kubanki. Ndi ndalama zomangidwa chingwe. Mzere uliwonse wa bajeti uli ndi ntchito yake, kotero kuti za mbewu sizigula mafuta, ndipo ukafuna kusuntha kanthu uyambe wapempha chilolezo cholembedwa. Kawirikawiri saziperekanso zonse pakamodzi; chigawo chachiwiri chimadikira lipoti la ntchito ndi lipoti la ndalama, ndipo owerengera chuma akabwera amafuna malisiti enieni okhala ndi NUIT, nambala ya msonkho ya wogulitsa, osati timapepala tong'amba m'kope.

Kodi njinga yanga yakuda ija ukuikumbukira, imene ndinkakukweza pakaliyala popita kutchalitchi? Msungichuma wathu anatapa ndalama za feteleza kuti aikire maliro a mlamu wake, akunena kuti adzabweza akagulitsa fodya. Sanali mbava, anali munthu wopemphera, ndipo ine ndinasaina chifukwa cha chisoni. Owerengera chuma anafika fodya asanalowe m'chigafa, chigawo chachiwiri chinaimitsidwa, gulu linabalalika, ndipo njingayo ndinaigulitsa kuti nditseke dzenjelo. Mayi ako anatha miyezi akupita kuchigayo mbandakucha pothawa maso a anthu. Iwe unkalira njinga, osadziwa chimene chinaidya.

Ndikudziwa kuti ku Tete nyumba ndi zodula ndipo kutentha kwake kumafuna magetsi usiku wonse. Ngati malipiro akuchepa, uwalembe poyera pa mzere wa malipiro, ndipo lendi ndi intaneti uziike pa ndalama zoyendetsera ofesi, pakuti opereka thandizo ambiri amazilola mpaka mlingo umene amaulemba m'chilengezo chawo. Chilengezocho uchiwerenge kawiri, makamaka za amene ali oyenera kupempha ndi tsiku lotsekera. Koma misonkhano yabodza yodyera maalawansi, imene azakhali ako akuti mnzakoyo amaitama, ndi chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Siginecha idzakhala yako, iye adzakwera mthuthuthu wake.

Za kafukufuku wa matenda a kachewere amene unandiuza, zimenezo ndiye zandikondweretsa. Funso lako likhale limodzi ndi lomveka, ulembe njira imene udzatsate ndi mmene udzasankhire minda, ndipo mlimi aliyense umupemphe chilolezo usanamufunse kanthu. Munda wathu wa kumtsinje ukhoza kuyambira pomwepo.

Usanatumize pempholo, unditumizire tsamba la bajeti pa WhatsApp ya mlongo wako, andiwerengere mzere ndi mzere, ndipo nambala ya alimi ija ndikufuna ndiimve ndi makutu anga. Mayi ako atumiza thumba la kachewere ndi nyemba pa chapa, minibasi ija ya Loweruka, ukalandire masana asanakwane chifukwa dalaivala sadikira.

Ndine bambo ako.