Kalata kwa Chisomo, Wojambula Mbuzi

Wokondedwa mphwanga Chisomo,

Kuno ku Senga Bay tili bwino, kungoti mwera wavuta sabata ino, moti mabwato ambiri ali pamtunda. Nanga inu ku Nkhotakotako?

Zithunzi zija unajambula ndi foni ya amayi ako ndaziona. Mbuzi zokhazokha! Ina yopanda mutu, ina mchira basi. Ndinaseka mpaka misozi. Koma pali chimodzi chomwe ndikungochiyang'anabe: agogo ali pamkeka akupeta mpunga, dzuwa lawawomba tsaya limodzi, mankhusu ali m'mwamba. Chimenechi chandikumbutsa munthu wina.

Dzina lake anali Seydou Keïta, wa mumzinda wa Bamako, m'dziko la Mali. Ali mnyamata ankathandiza bambo ake ntchito ya ukalipentala. Mu 1935 ankolo ake, pochokera ku Senegal, anamubweretsera kakamera kotchedwa Kodak Brownie. Anaphunzira pang'onopang'ono, ndipo mu 1948 anatsegula situdiyo yake.

Usaganize za nyumba yamagetsi ambirimbiri ayi. Ankajambulira anthu panja, ndi kuwala kwa dzuwa lomweli. Nsalu yoyamba imene anapachika kumbuyo kwa ojambulidwa inali yoyala pabedi pake! Anthu ankabwera atatchena, ndipo iye ankawabwereka wailesi, wotchi kapena njinga kuti aoneke nazo. Mayi atavala nsalu yamaluwa, kumbuyo kwake nsalu inanso yamaluwa, zonse zakuda ndi zoyera, koma ukaziona umachita ngati mitundu ukuiona.

Tsono tamvera apa. Filimu inali yodula, choncho munthu mmodzi ankamujambula kamodzi kokha. Ankayamba wamukhazika bwino, kumutembenuza phewa, kumukonza dzanja, kenako n'kudina. Iwe mbuzi imodzi unaidina kangati?

Mu 1962 anayamba kujambulira boma, ndipo anapuma mu 1977. Manegetivu ake, timapepala toonekera tomwe amatsukira zithunzi, anawasunga mosamala. Mu 1991 zithunzi zake zina anazionetsa ku New York popanda dzina lake, chifukwa sankadziwa mwini wake. Zimenezi zimandipweteka ine. Mwamwayi anthu ena anamufunafuna mpaka kumupeza ku Bamako, ndipo mu 1994 zithunzi zake zinapachikidwa ku Paris, dzina lili pomwepo. Anamwalira mu 2001.

N'chifukwa chake chithunzi cha agogo chija ndakachitsukitsa ku Salima, ndipo kumbuyo ndalembako dzina lako ndi tsiku.

Loweruka likubwerali ndifika, ndi kakamera kanga kakale m'chikwama. Lamulungu ndidzakudzutsa mbandakucha, tidzatsikire kunyanja asodzi akamabwera ndi usipa. Tidzayamba tangokhala pamchenga, kuona komwe kuwala kwa dzuwa kukugwera. Ndidzakulola kudina katatu kokha, tsono yamba kuganiza.

Upereke moni kwa amayi ako ndi agogo. Uwauze agogo kuti chithunzi chawo ndibwera nacho, asadandaule za duku lopindika lija.

Ndine amalume ako.