Kalata kwa Mkulu wa Nthambi Yoona za Nyama Zakutchire: za chinyani chimene akuti chili ku Dzalanyama

Bwana Mkulu,

Landirani moni kuchokera kuno ku Area 25. Ndine mphunzitsi wa sayansi pa sekondale ina mumzinda uno wa Lilongwe, ndipo ndakulemberani poyera chifukwa funso limene ndabwera nalo si langa ndekha. Ndi la ana a m'kalasi mwanga, ndiponso la makolo awo.

Masiku apitawa, titaweruka, mtsikana wina wa Fomu 3 anandionetsa kanema amene mayi ake analandira pa WhatsApp. Chinthu chakuda bii, chaubweya thupi lonse, chikuyenda ndi miyendo iwiri m'mbali mwa khwawa, kenaka n'kucheukira wojambula. Uthenga wake unkati chinyanichi chaoneka ku Dzalanyama ndipo ootcha makala athawamo m'nkhalango. Nditangoona mitengo ndinadziwa kuti si kwathu kuno: mulibe msuku, mulibe mombo. Kanemayo anajambula ndi Roger Patterson ndi Bob Gimlin mu 1967 ku Bluff Creek, ku California, ndipo anthu a ku America akhala akukanganirana za iye kwa zaka zoposa 50. Chinthucho amachitcha Bigfoot, ena amati Sasquatch.

M'mawa mwake kalasi inagawikana. Ena ankati chilipo, agogo awo anachionapo popita kukafula njuchi. Ena ankaseka, amvekere izo n'za anthu osapita kusukulu. Kunena zoona, Bwana, kusekako n'kumene kunandiwawa kwambiri. Mwana woseka agogo ake asanafufuze ndiye kuti sayansi sinamulowe, ngakhale mayeso atakhoza bwanji.

Komatu ine umboni wa Bigfoot sundikhutiritsa, ndipo anawo ndinawauza mosabisa. Dzina lenilenilo linafala mu 1958, pamene anthu olambula msewu ku Bluff Creek komweko anapeza mapazi aakulu atadindika pansi. Mu 2002, Ray Wallace, mkulu wa olambula msewu aja, atamwalira, abale ake anatulutsa mapazi osema a mtengo n'kuulula kuti iye ndi amene ankadinda. Mu 2008 amuna awiri a ku Georgia, ku America komweko, analengeza kuti ali ndi mtembo wake mufiliji, koma ayezi atasungunuka panapezeka chovala cha labala. Ku mapiri a Himalaya nkhani yake ndi ya chinyani chotchedwa Yeti, amene phazi lake akuti ndi lija anajambula Eric Shipton pachipale mu 1951. Mu 2017 Charlotte Lindqvist ndi anzake anayeza DNA ya zinthu 9 zimene anthu ankati n'za Yeti, monga fupa, dzino, chikopa ndi ubweya. Zinthu 8 zinali za zimbalangondo, chotsalacho cha galu.

Chimene chimandivuta kuposa chinyengo ndi ichi: nyama siikhala imodzi. Kuti mtundu upitirire pafunika zazimuna, zazikazi ndi ana, mazanamazana. Zimenezi zimadya, zimasiya ndowe, zimadwala, zimafa, zimakodwa pa msampha. Ku Dzalanyama, kumene nkhwangwa imalira tsiku ndi tsiku ndipo njinga za makala zimatsika m'bandakucha kulowera m'tauni, chinyani chotalika kuposa munthu chikanabisala pati? Bwenzi wina atatola kale chigaza chake. Ndipo m'dziko muno mulibe anyani akuluakulu aja a ku Congo ndi Rwanda. Athu ndi nyani, pusi, nchima ndi changa.

Koma ndisanatseke nkhani ndinawauzanso anawo za kipunji, ndipo apa, Bwana, ndi pamene ndikufuna mutchere khutu. Mukangodutsa chipata cha Songwe kulowa ku Tanzania, simuyenda mtunda wautali musanaone phiri la Rungwe, kufupi ndi Tukuyu. Alenje achinyakyusa a kumeneko, abale awo a Angonde a ku Karonga, ankakamba za nyama yonga pusi, yamanyazi, yokhala pamwamba pa mitengo, yotchedwa kipunji. M'mabuku a sayansi munalibe nyama yotero. Ofufuza a bungwe loteteza nyama zakutchire la Wildlife Conservation Society, motsogozedwa ndi Tim Davenport, sanaseke. Anamvetsera, analowa m'nkhalango, ndipo mu 2003 anaiona. Mu 2005 inalengezedwa kuti ndi mtundu watsopano. Kenaka imodzi inakodwa pa msampha wa mlimi amene ankateteza mbewu zake, ndipo ataiyeza anapeza kuti ndi yosiyana kwambiri ndi anzake moti mu 2006 anaipatsa gulu lakelake, Rungwecebus, kutengera dzina la phirilo. Dzina la kipunji silinachokere ku yunivesite. Linachokera pakamwa pa anthu akumudzi amene ankaidziwa kalekale.

Si yokhayi. Gorila wa kumapiri a Virunga azungu anamudziwa mu 1902, pamene msilikali wa ku Germany, Robert von Beringe, anawombera awiri. Bonobo, nyani wamkulu wa ku Congo, anamuzindikira mu 1929 poyang'ana chigaza chimene chinali m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ku Belgium. Pa zonsezi nkhani ya pakamwa inatsatidwa ndi chinthu chogwirika: chigaza, chikopa, thupi. Bigfoot mpaka lero alibe ngakhale dzino limodzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma nkhonoyo iyenera kukhalapo.

Mwina mukudabwa kuti bwanji ndikukutayitsani nthawi ndi kanema wa ku California, inu muli pa nkhondo ndi opha njovu ndi ozembetsa ngaka. Chifukwa chake n'chakuti kwathu kuno mphekesera ya chilombo siithera pa kuseka. Mu 2003 ku Dowa chilombo chinapha anthu atatu n'kuvulaza ena ambiri, ndipo anthu zikwizikwi anathawa m'midzi yawo. Akuluakulu ankati ndi fisi wachiwewe, eni mudzi ankati ayi, fisi timamudziwa. Mu 2017 nkhani ya anamapopa inaphetsa anthu osalakwa ku Mulanje, ku Phalombe ndi maboma oyandikana nawo. Nthawi ya Dowa ija WhatsApp kunalibe. Lero kanema mmodzi amafika ku Mitundu, ku Malingunde ndi ku Nsundwe nsima isanapse, ndipo mayi amene ali ndi munda m'mphepete mwa nkhalango sagona tulo.

Pempho langa ndi ili. Pakhale nambala ya foni yodziwika bwino, yolengezedwa pa wailesi m'Chichewa ndi m'zilankhulo zathu zina, kumene munthu angatumize chithunzi kapena kanema wa nyama yachilendo, n'kuyankhidwa mwaulemu kuti ichi ndi chakuti, kapena kuti tikubwera tidzaone. Alonda a nkhalango ndi mafumu aphunzitsidwe kasungidwe ka umboni, pakuti si kovuta: phazi ulijambule utaika ndalama yachitsulo pambali kuti kukula kwake kudziwike, ubweya uuike mu envulopu ya pepala osati m'jumbo, ulembe tsiku ndi malo. Mogwirizana ndi anzanu a nthambi ya zankhalango, makamera aja odzijambulira okha nyama ikadutsa amangiriridwe m'mitengo ya ku Dzalanyama, ndipo ophunzira a ku Bunda, amene ali pafupi pomwepo, angathandize kuwayendera. Chinyani sadzachipeza, ndikutero ine, koma tidzadziwa zimene zatsalamo nkhalangoyo isanathe, pakuti mtsinje wa Lilongwe umene timamwa umachokera momwemo.

Chimene ndikuchilirira kwambiri ndi alenje okalamba. Ku Misuku, ku Nyika, ku Ntchisi, ku Mulanje, alipo agogo odziwa mayina a nyama, kulira kwake ndi zimene imadya, ndipo akupita mmodzimmodzi. Tumizani anthu akakhale nawo pamphasa ndi kope, alembe dzina lililonse, ngakhale lija losapezeka m'buku. Misuku ndi Rungwe sizitalikirana kwenikweni.

Mtsikana uja anandifunsa kuti, "Nanga aphunzitsi, ndikadzaona ndekha chinthu chachilendo, ndikauze ndani?" Ndinamulonjeza kuti ndikafunsa kwa eni ake. Mukatumiza mmodzi mwa anyamata anu kuti adzamuyankhe pamaso pa anzake, atabweretsa kamera imodzi yoti aigwire ndi manja, kalasi yanga imakhala ndi sayansi Lachiwiri ndi Lachinayi m'mawa.

Ine wanu,
Mphunzitsi wa sayansi,
Area 25, Lilongwe