Za Warf, kapaipi ndi tepi ya atelala

Okondedwa achimwene,

Kalata yanu ndinailandira Lachiwiri, ndipo ndime imene ndabwereza kuwerenga ndi ija mukudandaula kuti akuluakulu a kuyunivesite kwanuko amayeza munthu poona kuti anzake atchula kangati zolemba zake. Ndinaseka ndekha, chifukwa inu amene munkaphimba kope ndi chigongono kuti tisakuonereni, lero mukulira kuti palibe amene akukutengerani nzeru.

Dandaulo lanulo landikumbutsa Benjamin Warf, dokotala wa opaleshoni ya ubongo amene mu 2000 anasiya ntchito ku yunivesite ya Kentucky n'kusamukira ku Mbale, m'dziko la Uganda, kukagwira ntchito pachipatala cha ana cha CURE. Ana ambiri amene ankabwera nawo kumeneko anali aja okula mutu chifukwa cha madzi odzaza mu ubongo. Chimene ndimamulemekezera kuposa luso la manja ake ndi chakuti ankalemba za mwana aliyense n'kumamutsatira ngakhale atabwerera kwawo, ndipo m'zolemba zimenezo anapeza kuti mwa ana 100 alionse, pafupifupi 60 sanabadwe nalo vutoli, koma linabwera chifukwa cha matenda amene anagwira ubongo ali akhanda.

Nthawi imeneyo chithandizo chodziwika chinali kapaipi kaja amakadutsitsa pansi pa khungu kuchokera kumutu mpaka m'mimba. Iye anayerekeza kapaipi ka Chhabra kopangidwa ku India, ka madola 35, ndi kena ka madola 650, ndipo patatha chaka sipanaoneke kusiyana kwenikweni pa ana amene anawaika timapaipiti. Komabe kapaipi, kodula kapena kotchipa, kamatsekeka, ndipo kakatsekeka mwana ali kumudzi, mlatho utakokoloka, mukudziwa nokha mmene zimathera. N'chifukwa chake anaphatikiza njira ziwiri: kulowetsa kachipangizo ka kamera n'kuboola kanjira koti madzi azitulukira, kenako kuwotcha timinofu timene timapanga madziwo. M'kafukufuku wa ana 550 amene anasindikiza mu 2005, makanda osakwana chaka anathandizika 66 mwa 100 ndi njira yophatikizayi, pamene ndi kuboola kokha anali 47.

Tsopano imvani mmene nkhaniyi yandisokonezera mutu ineyo. Chibadwire khanda la achemwali, ndakhala ndikuliyeza mutu ndi tepi ya atelala m'mawa uliwonse, n'kumalemba m'kabuku ngati kuti ndine Warf wa pakhomo pano. Kusikelo anati mwana ali bwino ndipo liwombo silinatupe. Amayi akuti mutuwo ndi wakuchimuna, ndipo anakutchulani inuyo monga umboni wakuti munthu akhoza kukula mutu popanda matenda alionse, pokumbukira chipewa chija chinakukanani pa ukwati wa amalume. Alamu afika pobisa tepiyo, moti dzulo ndinayeza ndi ulusi wa thumba la feteleza, achemwali n'kundilanda mwanayo osandilankhula mpaka madzulo. Ndikudziwa kuti ndikunyanya, koma ine ndinawaonapo ana obwera nawo mochedwa, khosi likulephera kunyamula mutu, maso atatembenukira pansi, mayi ake atayamba azungulira kwa asing'anga miyezi itatu, ndipo nkhope zimenezo sizindichoka.

Warf anabwerera ku America mu 2006, kenako anakakhala ku Boston Children's Hospital, ndipo mu 2012 analandira mphoto ya MacArthur. Ine mphotoyo sindiiwerengera kwambiri. Chimene chimandigwira mtima ndi chakuti iye ndi anzake analola kuti njira yake iyesedwe poyera pa makanda 100 a ku Uganda, ena kuwaika kapaipi, ena kuwachita opaleshoni yakeyo. Patatha chaka, kakulidwe ka nzeru za anawo sikanasiyane kwenikweni, ndipo mu 2017 anasindikiza zomwezo m'magazini ya madokotala ya New England Journal of Medicine osakometsera. Njira yobadwira ku Mbale lero ikugwiritsidwa ntchito ku America komweko. Choncho musanawerengenso kuti akutchulani kangati, ndiuzeni kaye ngati odwala anu mumawatsatira akatuluka, chifukwa m'kalata yanu yonse simunatchule ngakhale mmodzi.

Ndinkafuna ndikuuzeninso za kachilombo ka Paenibacillus kamene anzake anakapeza m'madzi a mu ubongo wa ana a ku Uganda, koma pepala latha, ndiponso ndikumva khanda lija ladzuka, ndipo ngati alamu sanasunthe tepi pamene ndikuganiza kuti anaibisa...