Kulowa ngati root pa console ndi kulemba su n'zosiyana

Akonzi,

Ndiloleni ndithandizeko anzanga oyang'anira makompyuta a Linux. Ambiri amalemba malamulo mu fayilo ya /root/.profile ofuna kuti azigwira ntchito pokhapokha root (akaunti ya mphamvu zonse pa makina) walowa yekha pa console (kiyibodi ndi sikirini za pa makinawo), monga kutsegula menyu yokonzera makina. Kenako amadabwa menyuyo ikutulukiranso munthu amene wangolemba su - (lamulo losinthira ku root) ali pa akaunti yake.

Palibe chodabwitsa apa. Lamulo la su - limayambitsa login shell (pulogalamu yolandira malamulo imene imatseguka munthu akangolowa) ndendende ngati mmene pulogalamu ya login imachitira, choncho fayiloyo imawerengedwa konsekonse. Mukafunsa whoami, yankho ndi root. USER, LOGNAME ndi HOME nazonso zimakhala zitasinthidwa, ndipo $0 (dzina la shell) imaonetsa -bash mbali zonse ziwiri. Kudalira zimenezi n'kutaya nthawi.

Ena amathamangira lamulo la tty, ndipo limathandizadi pang'ono. Pa console limayankha /dev/tty1, /dev/tty2 ndi ena otero, kapena /dev/ttyS0 ngati mwalumikiza chingwe cha serial, pomwe wolowera pa SSH (kulowa kuchokera pa kompyuta ina) amaona /dev/pts/0 kapena nambala ina. Koma limangokuuzani pamene munthu wakhala, osati kuti ndi ndani. Wogwiritsa ntchito wamba akalowa pa tty1 n'kulemba su -, tty imanenabe /dev/tty1.

Umboni wodalirika uli mu /proc/self/loginuid. Nambala ya mu fayiloyi, loginuid, imalembedwa pa nthawi yolowa ndi pam_loginuid, gawo la PAM (dongosolo lotsimikizira anthu olowa), ndipo su ngakhalenso sudo saisintha. Root akalowa yekha mumapezamo 0. Wina akadzera pa su mumapezamo nambala ya akaunti yake, yomwe pa makina ambiri imayambira pa 1000. Lamulo la logname limanena zomwezo koma ndi dzina. Ndiye funsani mafunso awiri: kodi loginuid ndi 0, nanga yankho la tty likuyamba ndi /dev/tty? Onse akavomera, root ali pa console. Musasiyeko funso lachiwirili, chifukwa root wolowera pa SSH nayenso amakhala ndi 0.

Chenjerani ndi nambala ya 4294967295. Imatanthauza kuti loginuid sinalembedwe n'komwe, monga zimakhalira mu rescue mode (kuyatsa makina kuti akonzedwe) poti sulogin, pulogalamu yolowera kumeneko, sidzera pa PAM. Script yanu isaitenge ngati chizindikiro cha su.

Pamene loginuid palibe, funsani amene wayambitsa shell yanu polemba ps -o comm= -p $PPID. Nthawi zambiri yankho limakhala login, su, sudo kapena dzina loyamba ndi sshd. Njirayi ndi yabwino mu .profile basi. Mukaiika mu .bashrc isokonekera, chifukwa shell yotsegulidwa mkati mwa inzake ingoyankha kuti bash. SUDO_USER sindiyikhulupirira kwenikweni: amailemba ndi sudo yekha, ndipo su - amaifufuta.

Pamwamba pa zonse ikani test -t 0 (yoona ngati shell yalumikizidwa ku terminal), popeza su - root -c imawerenganso .profile ngakhale palibe munthu pa kiyibodi, ndipo menyu yodikira yankho ikhoza kuimitsa ntchito ya usiku wonse. Ndipo ngati mwalembamo exit kapena exec, siyani shell ina ya root ili yotsegula poyesa. Mukaphonya chilembo chimodzi, makina azikutulutsani nthawi iliyonse mukalowa, ndipo mukonzera mu shell yotsalayo.

Ine wanu,
Woyang'anira makompyuta